Njinga yanga inkandichititsa dzanzi m'manja, mpaka ndinasintha

Tsiku limene ndinavomereza kuti njinga yanga yamoto ili ndi vuto ndinali nditaima panja pa ofesi ndikulimbana ndi lamba wa helimeti. Lamba wake wa timphete tiwiri tija woti umangokoka kamodzi basi wamasuka, koma zala zanga zinali dzanzi lokhalokha moti sindimamva n'komwe ngati ndagwira lamba kapena kolala ya jekete. Mnzanga wina wakuntchito anachita kundimasula ngati mwana uku akuseka, ati "aise, njingayi ukuikwera ndiwe kapena ikukukwera ndi iyo?" Nane ndinaseka nawo koma mumtima zinandiwawa, chifukwa njingayo inali itangotha miyezi 3 chiigulireni ndipo ndinali nditaichemerera kwa aliyense amene anali ndi makutu.

Inali ya mtundu uja amati dual-sport, kwa amene simukuzidziwa ndi njinga zooneka ngati zampikisano wa m'matope zija, zazitali, mashoko ataliatali, tayala lakutsogolo lalikulu la mainchesi 21 lakumbuyo 18, koma zili ndi magetsi, ma indiketa, magalasi ndi nambala ndiye zimaloledwa pamsewu. Yanga inali ya 200cc, silinda imodzi, yoziziritsidwa ndi mphepo, magiya 5, matayala a mano akuluakulu. Dzina lake sinditchula chifukwa monga muonere kutsogoloku mlandu waukulu unali wanga. Ndinaikonda chifukwa cha maonekedwe, ndisaname, komanso m'mutu mwanga ndinkadziona ndikukwera mapiri loweruka lililonse fumbi lili koboo kumbuyo. Chikomekome cha mkuyu. Zoona zake zinali zoti ulendo wanga wa tsiku ndi tsiku ndi makilomita 25 kupita 25 kubwera, tala yekhayekha, ndipo gawo lalikulu ndi msewu woongoka womwe magalimoto amayenda 80 mpaka 90 ndiye ukamayenda pansi pa pamenepo ma thiraki amakhala ali pamsana pako akukuliza hutala.

Pogula ndinaiyesa, musaganize kuti sindinaiyese. Kungoti ndinaiyesa mopusa. Ndinazungulira nayo kamsewu ka kuseri kwa nyumba ya mwiniwakeyo kawiri, giya 2 giya 3, mwina ndinafika 45, mphindi 5 sizinakwane, ndikubwera ndikumwetulira kuti iyi ndiye njinga. Ndipo pa liwiro limenelo inalidi njinga yabwino, yopepuka, yomvera, kukhota ngati ikudziwa kale komwe ukufuna kupita. Vuto linkayamba ndikangodutsa 75 mu giya yomaliza. Mahandulo amayamba kulira ngati muli njuchi, zopondera nazo chimodzimodzi mpaka kuphazi kumayabwa mkati mwa nsapato, magalasi oonera kumbuyo osaonetsa kanthu, galimoto imodzi imaoneka ngati zitatu zosanjikizana, usiku ndiye kungoona mizere ya kuwala basi. Phazi lamanzere limangokhalira kufunafuna giya 6 yomwe kulibe. Pakatha mphindi 15 dzanja lamanja layamba, chala chachikulu ndi cholozera poyamba, kenako dzanja lonse ngati nyerere zikuyenda mkati.

Poyamba ndinkati ndizolowera. Aliyense amene ndinamudandaulira ankanena zomwezo, ati silinda imodzi ndi choncho, limba mtima. Ndinalimbadi mtima mpaka zinthu zinayamba kugwa. Kabawuti kogwira chotchingira ekizozi kanapita osatsanzika, nambala inang'ambika kuyambira pa bowo la bawuti kutsika pansi, babu la kumbuyo linapsa kawiri mwezi umodzi. Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi foni. Ndinkaimangirira pa handulo kuti ndiziona mapu, ndiye tsiku lina ndikuti ndijambule chithunzi ndikuona kamera ikungovina yokha, chithunzi chili ngati ndajambula m'madzi, kakumveka kaphokoso ka tsiii mkati. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti ngakhale a Apple anachenjezapo mu 2021 kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto kumatha kuononga tizipangizo ta mu kamera tomwe timaletsa chithunzi kugwedera, ndipo mafoni ambiri amakono ali ndi tizipangizo ta mtundu womwewo. Safunsa anadya phula. Ngati mumamangirira foni pa handulo gulani chomangira chokhala ndi timphira tochepetsa kunjenjemera, apo ayi iikeni m'thumba.

Ndinapita kwa makaniko wina wachikulire amene anthu a njinga amamudalira, bambo wosalankhulalankhula, ndikuwauza kuti madala injini iyi yatha ndikufuna muitsegule. Anandiyang'ana, kuyang'ana njinga, kenako anati "achimwene, musanandipatse ntchito yotsegula injini ya bwinobwino, tapitani kaye pamsewu paja mukafike pa liwiro lomwe imakuvutanilo, mukatero mugwire kilatchi n'kusiya mafuta, njinga izingoyenda yokha, mudzandiuze chomwe chatsala." Sindinamvetse koma ndinapita. Pa 85 ndinagwira kilatchi, injini inatsika n'kumangolira pansipansi, ndipo njuchi zija za m'mahandulo zinatheratu nthawi yomweyo, zii. Koma panatsala zina ziwiri zomwe sindinkazisiyanitsa kale, kulira kwa wuuu kochokera pansi komanso kudumphadumpha kwa kutsogolo ngati tayala likugunda kamwala pa malo amodzimodzi ulendo uliwonse likazungulira.

Kayesedwe kameneka ndi kaulere ndipo kanandiphunzitsa zambiri kuposa zonse zomwe ndinawerenga pa intaneti. Chomwe chatha ukagwira kilatchi ndi cha injini, chimayendera ma rev, kutanthauza maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi. Chomwe chatsala ndi cha matayala, mawilo kapena tcheni, chimayendera liwiro la njinga. Ine ndinali ndi matenda atatu ndikumawatchula dzina limodzi.

Madala aja anayamba ndi zosavuta. Anatenga sipanala n'kuyamba kugwira mabawuti omangira injini ku fulemu limodzilimodzi, ndipo lapamwamba pafupi ndi mutu wa injini linazungulira pafupifupi theka lonse lisanagwire. Sanalankhule, anangondiyang'ana. Kenako tcheni, ine ndinali nditaikoka kwambiri poganiza kuti tcheni yolimba ndiye yabwino, kumeneko kunali kulakwa chifukwa njinga za mashoko aatali zimafuna tcheni yolekerera ndithu, ukakhalapo shoko n'kutsika tcheni imakokeka yokha ndiye ngati inali yothina kale imakhala ngati nsambo ya gitala, ikukoka ma bering n'kumatumiza kugwedera ku zopondera. Muyezo wake umalembedwa m'buku la njinga ndipo nthawi zambiri pa kasitika ka pa swingarm, chitsulo chija chogwira wilo lakumbuyo, tsatirani umenewo osati maganizo anu ngati ine. Kudumpha kwa kutsogolo kuja kunali kachitsulo kena kotchedwa rim lock, kamene mwini wakale anaika kuti tayala lisamaterereke pa rimu akachepetsa mpweya m'matope. Kachitsuloko kamalemera mbali imodzi ndipo wilo silinabalansidwe, m'tchire pa 30 sungamve kanthu koma pa tala pa 85 wilo limachita kudumpha. Anamangirira timitovu pa masipoko a mbali inayo, kudumpha kunatha tsiku lomwelo.

Nditafunsa za njuchi za m'mahandulo zija ndi pamene anakhala pansi pa kachitini n'kutenga pisitoni yakale yomwe inali pa tebulo. Anandigwiritsa. Kanthu kopepuka ndithu, kokwana m'dzanja. Ndiye anati taganizani kameneka kakukwera n'kuima, kutsika n'kuima, kukweranso, ulendo uliwonse kakaima n'kubwerera kamakoka injini yonse. Injini ikamazungulira 6000 pa mphindi ndiye kuti kakwera n'kutsika ka 100 pa sekondi imodzi. Mu injini ya masilinda angapo pisitoni ina ikamakwera ina imakhala ikutsika ndiye zimalandirana, koma mu silinda imodzi kali kokha kopanda mnzake. Opanga amaika zolemera pa crankshaft, shafuti yomwe pisitoni imaizunguza, kuti zilimbane nako, kungoti zolemerazo zimazungulira pomwe pisitoni imangoyenda chokwera ndi chotsika, ndiye ukachepetsa kugwedera kokwera ndi kutsika umabweretsa kwina kopita kutsogolo ndi kumbuyo, sungathetse zonse, umangosankha kuti kugwederako kulowere kuti. Njira yomwe imathandizadi ndi kashafuti kena kapadera kotchedwa balancer, kali ndi cholemera chake ndipo kamazungulira liwiro lofanana ndi crankshaft koma mobwerera. Injini zina zing'onozing'ono zili nako zina zilibe, chifukwa kamaonjezera kulemera ndi mtengo wopangira. Yanga inalibe. "Ndiye palibe chomwe chaonongeka achimwene," anatero, "inabadwa choncho, inuyo mukuiyendetsa pamalo pomwe siikonda."

Mawu amenewo anandikhala. Njingayo inalibe geji ya ma rev, zambiri zazing'onozi zilibe, ndiye ndinagula kageji kakang'ono ka batire kamene umangokulunga waya wake pa chingwe cha pulagi. Zomwe kanandionetsa ndi izi, pa 60 mu giya 5 injini inali cha m'ma 4800 ndipo pamenepo inali yofatsa bwinobwino, kugunda kwake kwa du du du komveka bwino kosapweteka. Pa 90 inali pa 7200, kutanthauza kuti manja anga ankamenyedwa ka 120 pa sekondi m'mawa ndi madzulo, masiku 5 pa sabata. Ndipo mphamvu ya kugwederako sikwera mofanana ndi ma rev ayi, ma rev akawirikiza kawiri mphamvu yomwe pisitoni ikukoka nayo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake njinga yomweyo imakhala mwana wabwino pa 60 n'kusanduka chilombo pa 90.

Apa ndi pamene ndinayamba kuononga ndalama pofuna kuichiritsa, zina zinathandiza zina ayi. Choyamba ndinasintha sipuloketi yakutsogolo, kawilo ka mano komwe kamakoka tcheni, kuchoka pa mano 14 kupita pa 15. Dzino limodzi lokha koma limatsitsa ma rev pafupifupi 7 pa 100 iliyonse, 7200 ija inabwera pa 6720, ndipo kusiyana kunamveka ndithu, malo oipa aja anasunthira kutsogolo pang'ono. Koma zaulere kulibe, ponyamuka inayamba ulesi, pa chitunda kapena mphepo ikamaomba kuchokera kutsogolo giya 5 imalephera kukoka ndiye ndimabwerera ku 4 komwe ma rev amakwera kuposa kale, ndikanyamula munthu kumbuyo ndiye osanena. Injini ya 200cc mphamvu zake ndi zomwezo, sipuloketi simaonjezera kavalo ngakhale mmodzi, imangosuntha pomwe mphamvuzo zikugwera.

Matayala ndiye anandidabwitsa. Nditachotsa a mano akuluakulu aja n'kuika omwe amapangidwira kwambiri tala koma ali ndi mizere yokwanira kuyenda pa msewu wafumbi wouma, kulira kwa wuuu kuja kunatha, njinga inayamba kugwira bwino pokhota makamaka kukagwa mvula, mabuleki nawo anayamba kumveka. Ngati ulendo wanu ndi wa tala, matayala a m'matope aja mukungozunzika nawo chifukwa cha maonekedwe, amathanso msanga pa tala ndipo akayamba kudyeka mosiyanasiyana dzino lina lalitali lina lalifupi kugwedera kwake kumaposa kwa injini.

Ku mahandulo ndinaika zolemera za kumapeto zija, izi zimagwira ntchito posintha momwe chitsulo cha handulo chimanjenjemerera, ndipo kwa ine zinachepetsa pang'ono, osati kwambiri koma moti ndinazimva. Ndinaikanso zogwirira zonenepa zofewa ndi timphira ta pa zopondera, timphirato tinathandiza mapazi kwambiri kungoti m'matope timaterera ndiye ukafuna kupita kutchire uyenera kutichotsa. Magolovesi okhala ndi jelo m'chikhatho amene anthu amawatama aja kwa ine anangonenepetsa chogwirira n'kundipangitsa kufinya kwambiri, ndinawasiya sabata yomweyo. Mabawuti onse ang'onoang'ono ndinawapaka guluu wa mabawuti wabuluu uja, Loctite 243, kuyambira pamenepo palibe chinagwanso. Musapake wofiira pa timabawuti tating'ono, ameneyo pomasula amafuna moto.

Koma chomwe chinathandiza kuposa zonse zogula ndi chomwe madala aja anandiuza akundiona ndikunyamuka pa garaja pawo. Anandiimitsa n'kundigwira mkono, ati "mukuigwira ngati ikuthawani." Zoonadi, chifukwa cha mantha a ma thiraki aja ndi mphepo yondimenya pachifuwa ndinkafinya mahandulo ndi mphamvu zonse, zigongono zili gwa, ndiye kunjenjemera konse kumalowa m'mafupa mwachindunji magazi osayendanso bwino m'zala. Anati gwirani thanki ndi mawondo, zigongono zipinde, manja angokhala pamwamba ngati mwagwira dzira. Anatsitsanso ma liva a buleki ndi kilatchi pang'ono kuti dzanja lisamapindikire m'mwamba pa mfundo. Zinanditengera milungu kuti ndizolowere chifukwa thupi limabwerera lokha ku mantha ake, mpaka pano ndimadzigwira ndikufinya ndikamadutsana ndi galimoto yaikulu.

Zonsezi zitachitika dzanzi linachoka pa kuyamba pa mphindi 15 kufika cha pa mphindi 35 kapena 40. Kuntchito ndimafika bwino, koma ulendo wautali uliwonse umakhala wa kuimaima ndikukupiza manja m'mbali mwa msewu. Ndipo nyengo yozizira itafika zinabwereranso, m'mawa wina nsonga za zala ziwiri zinachita kuyera mbuu kwa kanthawi. Pamenepo ndinaopa, chifukwa matenda amenewa ndi odziwika kwa anthu ogwira ntchito ndi ma giraindala, makina ocheka mitengo ndi obowola miyala, kunjenjemera kwa zaka zambiri kumaononga mitsempha ya m'zala ndipo kukafika patali sikubwerera. Sindikunena kuti njinga ya 200cc ikupundulani ayi, anthu ambiri amakwera moyo wawo wonse popanda vuto, matupi amasiyana. Koma ngati dzanzi likumakhalabe maola angapo mutatsika, kapena likumakudzutsani usiku, kapena zala zikusintha mtundu, pitani kuchipatala akakuoneni, zimenezo si za kulimba mtima.

Ndiye ndinaganiza zosintha, koma ulendo uno ndinati sindigulanso ndi maso. Ndinadziikira lamulo loti njinga iliyonse yomwe ndikuiganizira ndiyenera kuikwera mphindi zosachepera 30, pa msewu wofanana ndi wanga, pa liwiro langa la tsiku ndi tsiku, ndipo wogulitsa akakana ndiye kuti basi tasiyana. Ena anakanadi, ndi ufulu wawo. Anzanga okwera njinga ndi amene anandithandiza pondibwereka zawo, ine kuthiramo mafuta.

Yoyamba inali Yamaha TW200, ija ya matayala onenepa ngati a kangolo, yomwe yakhala ikupangidwa kuyambira 1987 osasintha kwenikweni. 196cc, magiya 5, mpando wake uli pansi cha pa 790mm ndiye mapazi onse awiri amafika pansi bwinobwino, yolemera makilogalamu pafupifupi 126. M'tauni ndi mumchenga ndinasangalala nayo kwambiri moti ndinkangoseka ndekha mu helimeti, koma mwiniwake anandiuziratu kuti iyi ndi ya munthu wosafulumira, ndipo ndinaona ndekha kuti ikanandibwezera pomwe ndachoka, injini yaing'ono ya magiya 5 pa msewu wa 90. Munthu amene ulendo wake sudutsa 70 ndingamuuze kuti aiganizire. XT250 ya Yamaha yomweyo, 249cc yoziziritsidwa ndi mphepo, nayonso magiya 5, inali ndi mpweya wokwanira pa 85 kusiyana ndi yanga ndipo mpando wake si wautali kwambiri poyerekeza ndi zinzake, ndinatsala pang'ono kuitenga. Kawasaki KLX230 yomwe inatuluka mu 2019, 233cc ya magiya 6, ndinangoikhalira pa shopu osaiyendetsa ndiye sindinganene zambiri.

Yomwe ndinatenga pamapeto pake ndi Honda CRF250L yogwiritsidwapo kale ntchito. Njinga imeneyi inayamba kutuluka mu 2012, injini yake ya 249cc yoziziritsidwa ndi madzi inachokera ku CBR250R yomwe ndi njinga ya pamsewu, ili ndi balancer uja, magiya 6, mafuta amalowa ndi injekishoni osati kabureta. Mu 2021 anaikulitsa kukhala CRF300L ya 286cc. CRF250L yo nditaikwera koyamba ndikufika 85 ndinayang'ana pagalasi n'kuona galimoto imodzi, imodzi yokha, mpaka mtundu wake ndi munthu woyendetsa. Ndinayenda mphindi 40 ndikudikira nyerere zija kuti ziyambe, sizinabwere. Si kuti simanjenjemera, ndi silinda imodzi basi, ukaikoka kwambiri imakuuza ndithu kuti ndili pano, koma pa liwiro langa imakhala ili pamalo pake pofatsa ndipo giya 6 ija phazi langa linali litaifunafuna kwa chaka chathunthu.

Nayo ili ndi mtengo wake womwe ndinaulandira ndikudziwa. Imalemera cha m'ma 145kg, ukaikankha pamalo opanikiza kapena ikagwa umamva kusiyana ndi kanjinga kanga kakale. Mpando uli pa 875mm, ine si wamtali ndiye pa maloboti ndimatsetsereka pang'ono n'kuponda ndi phazi limodzi, masabata oyamba ndinagwa nayo kamodzi nditaima chilili pamalo otsetsereka, manyazi okhaokha. Ilinso ndi radiyeta, pampu ya mafuta ndi zamagetsi zomwe sungakonze ndi sipanala ndi waya m'mbali mwa msewu ngati mmene zimakhalira ndi za kabureta zoziziritsidwa ndi mphepo zija. Wina amene amayenda kutali ndi amakaniko angasankhe mosiyana ndi ine ndipo sindingamutsutse.

Panali mnzanga wina amene ankangoti bwanji osangogula ya masilinda awiri nkhani ithe, monga Kawasaki Versys-X 300 ija ya 296cc. Maganizo abwino ndithu kwa munthu wa tala yekhayekha, kungoti imeneyo ndi yolemera kuposa izi ndi makilogalamu ambiri ndipo tayala lakutsogolo ndi la mainchesi 19, yayandikira kwambiri ku njinga za pamsewu. Komanso musanamizidwe kuti masilinda awiri ndiye kuti kunjenjemera kulibe, injini zazing'ono za masilinda awiri zimazungulira mothamanga kwambiri ndiye m'malo mwa kugunda kwa du du du umapeza kanjenjenje kosalala kothamanga, ndipo kwa anthu ena kameneko ndi kamene kamabweretsa dzanzi msanga. Ine ndinazindikira kuti manja anga amapirira kugunda kwa pansipansi koma amadana ndi ka njuchi kaja. Mkazi wanga akakhala kumbuyo amadandaula zosiyana, iye ndi zopondera zomwe zimamuyabwitsa mapazi, za mahandulo sizimukhudza. N'chifukwa chake zonena za anthu pa intaneti zimasemphana chonchija, wina ati njinga iyi ndi yosalala ngati galasi wina ati imagwetsa mano, onse akunena zoona, wina amayenda 60 wina 100, wina ndi wolemera wina wopepuka, wina matayala ake ndi ena.

Mukapita kokayesa njinga, makamaka yakale, igwireni kaye injini muone ngati ili yozizira, muilize nokha, muikweze ma rev pang'onopang'ono ili chiimire dzanja lili pa thanki kuti mumve pamene imayambira kulira. Pamsewu yang'anani magalasi, amanena zoona kuposa wogulitsa. Chitani za kilatchi zija. Yang'anani nambala ndi timabulaketi ngati tili ndi ming'alu kapena zowotcherera, ndi mabawuti osafanana ndi anzake omwe akusonyeza kuti enieniwo anagwa. Ndipo mukatsika vulani magolovesi muyese kumanga batani la shati kapena kulemba meseji pafoni, zala zikamakana pambuyo pa mphindi 30 dziwani kuti pa ola limodzi zidzakhala zitakana kwambiri. Ngati ndi yatsopano funsani ngati injini ili ndi balancer ndipo musangokhulupirira pakamwa, buku la ma sipeyala limaonetsa kashafutiko ngati kalipo. Injini yomwe yangoyamba kunjenjemera mwadzidzidzi pomwe kale inali bwino ndi nkhani ina, imeneyo pali chomwe chamasuka kapena chikutha mkati, musaiyendetse mpaka ataiona.

Kanjinga kakale kaja ndinakagulitsa kwa bambo wina amene amayang'anira minda, ulendo wake ndi tinjira tafumbi ndi timilatho tamitengo. Ndinawauza zonse osabisa, kuti bambo njingayi ikadutsa 75 imachititsa dzanzi, ndinawaonetsa ndi nambala yong'ambika ija. Anangoseka, ati 75 ndikaipeza kuti kumene ndimayendako. Anandipempha kuti ndibwezeretse sipuloketi ya mano 14 ija ndi matayala a mano omwe ndinali nditawaponya kuseri kwa nyumba, ndinawapatsa ulere. Patatha miyezi ingapo tinakumana pothira mafuta, njinga ili matope mpaka pa thanki, kumbuyo atamangirira mpope wopopera mankhwala ndi zingwe za mphira. Ndinawafunsa za manja. Anayang'ana zikhatho zawo, kuzitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti manja atani.